Tiyi wa Derya

Nsipe, Ntcheu
14 Malichi 2023

Mwana wanga Eric,

Ndikukupatsa moni m'dzina la Ambuye. Kaya muli bwanji kumeneko ku Canada ndi mpongozi wanga Derya? Ife kuno tiliko, kupatula bondo langali lomwe limayamba kubaya kukangochita mitambo. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni umandithamangitsa ngati ndabwera kudzakugulitsa tomato. Mlongo wako Mirriam akabwera kuchokera ku Blantyre aijambula kalatayi n'kukutumizira, ndiye uiwerenge utakhala pansi.

Chimanga chachita bwino, koma denga la khitchini likudontha. Ukapeza kangachepe utikumbukire.

Mirriam anandionetsa zithunzi za mkazi wako. China wavala zoyera thupi lonse, kumaso kuli chisefa ngati munthu wofula njuchi, m'manja lupanga. China walozetsa mfuti. China ali m'madzi atavala kansalu komwe sindingakatchule m'kalata. Ndinafunsa kuti kodi Eric anakwatira mkazi kapena msilikali?

Chaka chino n'chachinayi chikwatirane, koma kuli zii. Ku Mvano a Elsie, aja a zidzukulu zodzaza benchi, amandipempherera mokweza kuti Mulungu akumbukire nyumba zopanda phokoso la ana. Onse amati amen akuyang'ana ine. Bambo ako anapita osanyamulako mwana wako. Kodi nanenso ukufuna ndipite chomwecho?

Undiyankhe zoona, usandinamize ndi zachizungu.

Amako,
Mathilda

Mississauga
9 Epulo 2023

Amayi,

Zikomo chifukwa cha kalata. Tonse tili bwino, chisanu chayamba kuchepa. Za denga ndatumiza kwa Mirriam.

Derya si msilikali, Amayi. Imeneyo ndi ntchito yake, monga ine ndimadzukira kowerengera katundu ku Brampton. Masewera ake amatchedwa pentatuloni, ndipo ndi asanu pamodzi: kulimbana ndi lupanga losathwa, kusambira, kukwera hatchi, kuthamanga ndi kuwombera. Mfutiyo ilibe chipolopolo, imatulutsa kuwala basi. Amapikisana m'dzina la dziko lake la Turkey.

Ndikufuna mumudziwe. Anabadwira ku Bursa, mzinda wa ku Turkey komweko, akudwaladwala mphumu, ndiye adokotala anati azisambira. Bambo ake ankasamala mahatchi a asilikali, n'chifukwa chake anaphunzira kukwera asanadziwe kulemba. Lero bambowo ali ndi kashopu ka tiyi, ndipo mamendulo onse a mwana wawo anawapachika pamwamba pa maketulo. Aliyense wolowamo amamva mbiri ya Derya, afune asafune.

M'masewerawa sukwera hatchi yako. Amachita maere, n'kukupatsa hatchi yomwe sunaionepo, muzolowerane kanthawi kochepa, basi mukadumphe mipanda. Pomwe ankasankha opita ku Olimpiki yapitayo, maere anamupatsa hatchi yamantha. Inaima mwadzidzidzi pampanda, iye n'kugwa n'kuthyoka fupa la paphewa. Anzake anapita, iye anaonera pa TV mkono uli pakhosi.

Pano ali ndi zaka 33. Olimpiki ya ku Paris chaka chamawa ndi mwayi wake womaliza, komanso akuti ikatha imeneyo mahatchi awachotsamo m'masewerawa. Amadzuka kusanache kukasambira, masana amakwera sitima kupita ku Oshawa kumahatchi, ndipo Loweruka amaphunzitsa ana lupanga komweko. Amadzisamala moti ngakhale mutu umuwawe sangamwe m'bulu asanafunse dokotala, chifukwa pali anthu amene amabwera tsiku lililonse lomwe afuna kudzamuyeza ngati sakumwa zowonjezera mphamvu.

Tinagwirizana kuti za mwana zibwere akachoka ku Paris. Si wosabereka, Amayi, tikuchita kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. A Elsie muwauze apumuleko.

Mwana wanu,
Eric

Nsipe
20 Juni 2023

Eric,

Kalata iyi sikudzera kwa Mirriam. Ndawapatsira a Webster, aja anabwera kumaliro a achimwene awo, poti akubwerera kwanuko. Mirriam asamve, amalankhula kwambiri mwana ameneyu.

Ndawerenga zonse. Bambo ake ali ndi mamendulo pakhoma, chabwino, nanga ine pakhoma panga ndipachike chiyani? Ukuti mukudikira. Mwana wanga, mkazi aliyense amene zikumukanika amati akudikira. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mimba ya munthu si hatchi yoti uikoke chingwe iime, kenako uimenye iyende.

M'kapaketimo muli mankhwala a ufa. Ndinawagula kumsika wa Lizulu kwa bambo wina wodziwa za amayi. Ndinapita ndekha, nditafunda chitenje kumutu, chifukwa ukudziwa kuti mayi wa Mvano akapezeka kwa anthu otere kumpingo sikukhala bwino. Si mapilisi achizungu oti aja omuyeza akawapeze, ndi mizu chabe ya m'tchire la kwathu. Uzithira kasupuni kakang'ono m'tiyi wake m'mawa. Usamuuze, mankhwala otere mwini akadziwa amasuluka. Sikuti amupatsa mimba lero ndi lero, angomufewetsa m'thupi kuti nthawi yanuyo ikadzafika njira idzakhale yotseguka.

Ndinakulera ndekha, sindinakumwetsepo chokupha. Ukakana, ndidziwa kuti ndilibe mwana ku Canada.

Amako

Mississauga
17 Seputembala 2023

Amayi,

Moni kuchokera kuno. Bondo lija likupeza bwanji?

Katundu uja ndinalandira. Anakhala mwezi wathunthu m'thumba la jekete, ndikulimbana ndi mtima. Kenako ndinati mizu ndi mizu, tonse tinakulira yomweyo, ndipo ndinayamba. Kwawo kwa Derya tiyi amamwa wakuda bii, m'timatambula tagalasi, ndiye sizikuoneka. Masiku ano ndimadzuka ndine kumuphikira asanapite kosambira. Dzulo anandigwira tsaya n'kunena kuti ndine mwamuna wabwino kuposa onse a mu Ontario. Sindinathe kumuyang'ana m'maso.

Mpikisano wa mwezi watha anachita bwino kwambiri. Akapitiriza chonchi, ku Paris apita. Muzimupempherera nayenso, osati mimba yake yokha.

Eric

Mississauga
11 Disembala 2023

Amayi,

Moni ndilibe lero, mundikhululukire. Mirriam, iyi usadikire mapeto a mwezi, kwera basi upite nayo msanga.

Oyeza aja anabwera mwezi watha. Zotsatira zatuluka, ndipo m'thupi mwa Derya apezamo mankhwala oletsedwa, omwe madokotala amapatsa amayi ofuna kubereka. Loya wake akuti ogulitsa ena amasinja mapilisi n'kusakaniza ndi mizu kuti mankhwala awo azioneka amphamvu. Ufa wanu uja sunali mizu chabe, Amayi.

Amuimitsa kupikisana. Ku Oshawa amuuza kuti asafikenso kwa ana aja mpaka mlandu uthe. Manyuzipepala a kwawo alemba kale kuti ndi wakuba, ndipo anthu ena analowa m'shopu ya bambo ake n'kuwauza kuti atsitse mamendulo. Bambowo anakana, anati mwana wawo sanabepo ngakhale shuga.

Derya anakhuthula nyumba yonse kufunafuna chomwe chamupweteka. Anakayikira mphunzitsi wake, anakayikira mnzake wa timu, anataya mafuta odzola ndi uchi womwe. Ine yekha sanandikayikire. Anabwera kudzalira pachifuwa panga, akuti, "Eric, ndani angandide chonchi?" Pamenepo ndinamuuza zonse za ufa uja. Sanakuwe. Anapita kukhitchini, n'kutsuka timatambula tonse tija kamodzikamodzi, n'kutilongedza m'katoni.

Njira ilipo imodzi. Mlandu udzamvedwa kumapeto kwa Febuluwale. Akaonetsa umboni woti anamwa osadziwa, chilango chingachepe ndipo mbiri yake iyera. Mawu anga okha sakukwanira, akuti mwamuna aliyense anganame kuti apulumutse mkazi wake. Ufa unatha, kapaketi ndinataya kale. Chofunika ndi ichi: mupitenso ku Lizulu ndi Mirriam, mukagule ufa womwewo kwa bambo yemweyo kuti auyeze kuno. Kenako mukalumbire ku boma pamaso pa wolumbiritsa, mulembe kuti munagula ndinu, munatumiza ndinu, ndipo munandiuza kuti ndisamuuze.

Ndagwada, Amayi. Tamulakwira mwana wa eni.

Eric

Ndirande, Blantyre
21 Januwale 2024

Achimwene,

Ndikhulupirira mukupumabe. Ine ndili bwino m'thupi, koma mtima ndiye ayi. Kani inu ndi Amayi munandisandutsa bulu, kumanyamula makalata a "katundu uja" ine osadziwa kuti ndanyamula chiyani? Munthu wa madigiri awiri kumathira ufa wa pamsika m'tiyi wa mkazi wake! Sukulu yonse ija inapita kuti?

Kumudzi ndapitako kawiri. Ulendo woyamba ndinawawerengera kalata yanu, iwo akusenda chinangwa. Nditamaliza anafunsa kuti, "Ndiye kuti mankhwalawo anali enieni?" Ndinati Amayi, mwamva zomwe zawagwera alamu? Anati, "Ndamva. Awaletsa kusewera. Munthu wa zaka 33 ngwosewera?"

Ulendo wachiwiri ndinapita ndi ya basi yokwanira tonse awiri. Anavala, anamanga duku, tinafika mpaka pa siteji. Pamenepo anafunsa kuti kulumbirako kumachitikira ku ofesi iti. Nditawauza anakhala pansi pamwala. Kalaliki wa mu ofesi imeneyo ndi Edwin, mwana wa a Elsie. Anati, "Ndikasaina m'mawa, pofika madzulo Nsipe yense adziwa kuti Mathilda amayenda kwa asing'anga. Andidula mumpingo, andivula bulauzi yoyera. Zaka zonse ndatumikira Mvano, ndiye ndikafe wondiimbira palibe chifukwa cha masewera a hatchi?" Mudziwenso kuti mwezi wamawa akusankha wapampando wa Mvano, ndipo dzina lawo lili pakamwa pa anthu. Ndinati tipite ku Balaka kapena ku Dedza komwe sakutidziwa. Anati pepala lilibe mwendo koma limayenda. Basi inabwera, inapita, ife tili pomwepo.

Ku Lizulu ndinapita ndekha. Ogulitsa mizu alipo mzere wonse, ndipo aliyense amati mankhwala a mimba enieni ndi ake. Amayi akukana kundiuza kuti ndi uti. Ndagulako timapaketi kwa angapo, ndatumiza pa ndege, kaya tithandiza.

Muwauze alamu kuti ine ndachita manyazi m'malo mwa banja lonse. Inu ndilibe nanu mawu.

Mirriam

Brampton
24 Malichi 2024

Amayi,

Ndamva kwa Mirriam kuti anakusankhani kukhala wapampando. Ndakuyamikirani.

Mlandu unamvedwa. Timapaketi ta Mirriam anatiyeza, munalibe kanthu, ina inali mizu, ina makungwa. Ine ndinaima n'kunena zonse. Oweruza anandifunsa kuti amayi anuwo ali kuti, bwanji sanalembe ngakhale mzere umodzi? Anaona ngati nkhani ya mayi wa ku Africa ndi ufa wa pamsika tachita kuipeka. Amuletsa zaka ziwiri, afafaniza zonse zomwe anapambana chaka chathachi, ndipo dzina lake lili pa mndandanda wa akuba womwe aliyense angauwerenge. Ntchito ya ana ija yatha. Ku Bursa bambo ake atsitsa mamendulo okha, ndi manja awo.

Tsopano imvani zomwe mumafuna kumva. Derya ndi woyembekezera, mwezi wachinayi ukutha. Ankawerenga masiku ake mosamala zaka zonsezi, koma mapilisi aja anasokoneza zonse. Anazidziwa mu Januwale, ndipo anandiuza kuti, "Paris ndaluza kale, kaya mlandu utha bwanji. Chomwe ndikupempha kwa amayi ako n'choti bambo anga aziyenda mumsewu mutu uli m'mwamba." Ine sindinakuuzeni za mimbayo nthawi imeneyo. Ndinkaopa kuti mukamva muvina, osapitanso ku Lizulu. Kani ngakhale osamva simunapite.

Anachoka m'nyumba tsiku lomwe chigamulo chinatuluka. Akukhala ku Oshawa kwa a Agness, namwino wa ku Chipata amene timapemphera nawo. Nyumba ya ku Mississauga ndaisiya, ndikuchita lendi kachipinda ka pansi kufupi ndi kuntchito. Ndikamuimbira sayankha. Sindikuti mlandu ndi wanu nokha, supuni inali m'dzanja langa. Koma ine ndinaimako pamaso pa anthu, inu munakhala pamwala.

Eric

Nsipe
12 Meyi 2024

Mwana wanga wokondedwa Eric,

Alemekezeke Mulungu amene sagona! Mirriam anachedwa nayo kalata yako, akuti sankafuna kundiona, koma atandiwerengera ndinalulutira mpaka aneba anathamanga kuganiza kuti kwagwa chinthu. Lachinayi ndinaimirira ku Mvano n'kuchitira umboni kuti mapemphero ayankhidwa. A Elsie anaomba m'manja ngati manjawo ndi obwereka.

Za mkwiyo wa mpongozi wanga usadandaule nazo. Mayi wapakati amakwiya ndi chilichonse, ine ndili ndi pakati pa iwe ndinawathamangitsa bambo ako ndi mthiko. Akangomva mwana akulira, zonse za mahatchi aziiwala. Zaka ziwiri n'chiyani? Mwana ayenda, iye abwerere kosewera ngati akufunabe. Mawu a akulu akoma akagonera, tsiku lina adzandithokoza.

Zoti ndinakhala pamwala zandipweteka. Iwe uli kutali, sudziwa kuti munthu wamasiye pamudzi chomwe ali nacho ndi ulemu wake basi. Akandivula umenewo nditsala ndi chiyani? Azunguwo akanafuna kukhulupirira akanakukhulupirira iwe.

Tsopano tamvera. Asadye mazira, asaime pakhomo, ndipo zothamangathamangazo aleke. Dzina ndasankha kale, poti kutcha mdzukulu woyamba wa kwa iwe ndi udindo wanga. Akakhala wamwamuna kaya wamkazi, ndi Yankho. Ndaluka kajuzi ndi tisokosi, ndipatsira aliyense wopita kumeneko. Kalatayi umuonetse mkazi wako, wina amumasulire, adziwe kuti kuno ndilibe naye chifukwa.

Unditumizireko ya sopo ndi ya ulendo wa Mvano wa ku Mlanda.

Amako okondwa,
Gogo wake wa Yankho

Oshawa
25 Ogasiti 2024

Kwa amayi a Eric,

Ine ndine Agness, wa ku Zambia. Derya akamba mu Chizungu, ine nilemba chabe, ndiye mukaona Chinyanja chapendama mlandu ni wanga. Mawu onse ni ake, sininachotseko olo limodzi, ngakhale ena nenze kufuna kuchotsa.

Amayi, moni. Aka n'koyamba kukulemberani, ndipo sindidzalembanso. Kalata yanu Eric anaisiya pakhomo pamodzi ndi kajuzi, ndipo Agness anandiwerengera yonse.

Mwana anabadwa pa 10 Ogasiti, wamkazi, wathanzi. M'chipinda cha chipatala munali TV. M'mawa mwake ndinaona anzanga ku Paris akukwera mahatchi komaliza. Wina amene ndinamupambana chaka chatha anali pomwepo, akupatsa moni makolo ake. Ndinapempha namwino kuti asazimitse. Ndinaonera mpaka kumapeto, mwana ali pabere.

Mwanayu ndimamukonda, musaganize zina. Ndikanamubereka ndithu chaka chamawa, mwa kufuna kwanga, ndipo ndikanabwera naye ku Nsipe kudzamuika m'manja mwanu. Ndinali nditayamba kale kuphunzira kugwada ndi kunena kuti "ndawonatu Amayi". Agness ndi mboni, ankandiseka.

Moyo wanga wonse ndakhala ndikukwera mahatchi osawadziwa. Ina inandigwetsa, inandithyola fupa, koma sindinaisungire chakukhosi, chifukwa inachita mantha ndipo sinkadziwa kuti ndine ndani. Inu mumandidziwa. Za ufa uja mwina ndikanakukhululukirani, simunadziwe zomwe zinali m'katimo. Koma mutadziwa, ndinakupemphani ulendo umodzi wa basi ndi siginecha imodzi, inu munasankha bulauzi yanu. Bambo anga sapitanso kumsika masana, amatuma mnzawo. Akuti anthu akawaona amatsitsa mawu.

Mwalemba kuti mulibe nane chifukwa. Ine ndili nanu.

Eric adzamuona mwana wake, zimenezo tikambirana ndi maloya. Inu ayi. Sindidzatumiza chithunzi, ndipo ndamuuza Eric kuti tsiku lomwe adzakutumizireni ndi tsiku lomwe adzasiye kumuona. Mwanayu sadzamwa kanthu kochokera m'manja mwanu, ngakhale madzi.

Kajuzi ndi tisokosi zili m'phukusi lomweli, sanavale. Dzina lija ndikubwezanso, mwana ali nalo kale lomwe anamutcha bambo anga, ndipo simulimva kwa ine. Mukaimirira ku Mvano muziwauza ndithu kuti muli ndi mdzukulu, si bodza. A Elsie akadzakufunsani kuti dzina lake ndani ndipo akufanana ndi yani, mudzawayankhe nokha.

Derya